Fupa la Pankhongo ndi Beseni la Mgonero

Moni kwa inu nonse a mumpingo mwathu, ndi kwa ena amene pepalali lingakupezeni kumene muli. Dzina langa ndine Layisoni, wa ku komboni ya esiteti ya tiyi kufupi ndi kwa Nchilamwela. Abusa anandipempha kuti ndiime kutsogolo pa Sabata ndipereke umboni, ine ndinakana. Kuima nthawi yaitali kumanditopetsa, komanso ndikaona nkhope za anthu ena a m'mabenchi akutsogolo ndikhoza kuyankhula zosayenera m'nyumba ya Mulungu. Ndiye ndalemba, ndipo ndalemba pang'onopang'ono chifukwa dzanja silinabwerere mwakale. Vuto langa linali fupa la m'khosi limene linakhala molakwika chibadwire, pamalo pamene chigaza chimakumana ndi msana. Fupa limeneli linandilanda miyendo, ndipo linatsala pang'ono kundilanda ndi mpweya womwe. Koma kwa zaka zingapo anthu ankalitchula dzina lina. Ankati ndi mowa.

Ndinabadwa ndi khosi lalifupi. Tsitsi langa limathera pafupi ndi mapewa, ndipo mutu unkapendekera pang'ono kumanzere. Ku pulayimale ankanditcha Chule. Sizinkandidetsa nkhawa kwenikweni, chifukwa amene wanena pafupi ndinkamumenya, ndipo m'kalasi ambiri a iwo ndinkawaposa, makamaka masamu. Bambo anamwalira ndisanamalize pulayimale. Amayi ndi amene anandifikitsa ku sekondale yoyendera ndi dengu lawo la tiyi kumsana.

Ndili Folomu 2, chaka cha njala yaikulu chija, zala zinayamba kundikana. Zinkachita dzanzi ngati ndazigonera, cholembera chinkapulumuka n'kugwa pansi ine osamva kuti chachoka m'manja. Zolemba zanga zinasanduka ngati pamene yapalasa nkhuku. Aphunzitsi ankati ndayamba ulesi. Pa mayeso a boma mayankho anali m'mutumu, koma dzanja linkakwawa, nthawi n'kutha ndili pakati. Ndinalephera. Amayi anati ndibwereze, ine ndinati ayi, sindingawonongenso thukuta lawo. Amene amati Layisoni anasiya sukulu chifukwa cha kupusa kapena chibwana awerenge ndime imeneyi kawiri.

Mvula itayamba, esiteti inayamba kulemba anthu, ine ndinalembedwa kotchola. Kutchola tiyi ndi ntchito ya zala. Umatenga masamba awiri ndi kansonga, manja onse awiri akuthamanga, maso ali kale pa mtengo wotsatira. Zala zanga zinkazula ndi masamba okhwima omwe, ndipo pa sikelo ankakhuthula dengu langa pansi kuti ndisankhenso anzanga akupita. Kapitawo atatopa nane anandipititsa ku gulu la nkhuni, limene limachotsa zipika za bulugamu m'nkhalango kukazisiya pa msewu wa thirakitala kuti zikayake ku fakitale. Amuna amanyamula zipikazo paphewa. Ine dzanja linkalephera kugwirizira, chipika n'kumatsetsereka, ndiye ndinapota nkhata n'kumasenza pamutu ngati amayi ochokera kokatola nkhuni. Anzanga ankaseka, ine n'kumati bola tsiku lalembedwa. Sindinkadziwa kuti chipika chilichonse chinkakhomerera chigaza changa pa fupa lija.

Kenako inafika miyendo. Inayamba kulemera ndi kuuma, ndipo poyenda ndinkatang'adza kuti ndisagwe, komabe n'kumadzandira. Lilime nalo linalemera, mawu n'kumatuluka ngati ndili ndi mbatata yotentha m'kamwa. Madzi akumwa ankanditsamwa. M'mawa wina ndikufika pa ntchito kapitawo anandiyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu.

“Iwe Chule, lero walawirira. Ya kwa ndani imeneyi? Ikuoneka kuti inatcheredwa bwino, utiuze nafenso tikalawe.”

Gulu lonse linaseka. Pasanathe sabata ndinagwa ndi chipika pa mtsetse, chinagubuduzika n'kutsala pang'ono kuthyola mwendo wa munthu wina. Tsiku lomwelo ntchito inatha. Ku kiliniki anandipatsa mankhwala a mutu ndi malangizo oti ndichepetse kumwa.

Inu a mipingo ina mwina simungamve kulemera kwa nkhaniyi. Ife a Sabata ngakhale tiyi amene timatcholayu sitimwa. Mnyamata wa mumpingo kuoneka akudzandira pa msewu dzuwa likuswa mtengo ndi manyazi a banja lonse. Bodi ya mpingo inandiitana. Amene ankatsogolera anali a Namacha, mkulu wa mpingo wathu, amene amagwiranso ntchito yoona odwala ku chipatala cha mishoni, ndipo aliyense amangowatcha adokotala. Anakhala kuseri kwa tebulo, Baibulo patsogolo. Anandifunsa ngati ndikumwa, ndinati ayi. Anandifunsa ngati anthu onse amene anandiona akunama. Ndinayamba kufotokoza, lilime n'kumakoka, mkulu wina n'kugwedeza mutu ngati wapeza umboni umene amaufuna. Atati tipemphere ine sindinaweramitse mutu, ndipo zimenezo anaziwerengera kuti ndi mwano. Anandiika pa chilango, n'kundichotsa mu kwaya ya achinyamata. M'chipinda chimene chija a Namacha anali mkulu wa mpingo basi. Udokotala anausiya ku chipatala pamodzi ndi chovala chawo choyera.

Zonsezo ndikanazipirira. Chimene chinandithyola ndi amayi. Ndikalowa m'nyumba ankabwera pafupi ngati akufuna kundikonza kolala ya malaya, koma ndinkaona mphuno yawo ikufufuza mpweya wanga. Sanamvepo fungo lililonse, ndipo m'malo moti zimenezo zindiyeretse, anthu anati ndiye kuti ndi chamba, ena n'kumati ndimatafuna masamba a gwafa pobwerera. Ndinasiya kupita ku tchalitchi. Ndinkakhala pakhonde kuyang'ana minda ya tiyi, yobiriwira chaka chonse ngati palibe amene akuvutikamo. Ndinena mosabisa: masiku ena ndinkalakalaka ndikanamamwadi, chifukwa woledzera mawa lake amadzuka ali bwino.

Sabata lina la mgonero amayi anaima pakhomo atavala kale. Anati, “Mwanaka, mgonero satsekera munthu, ngakhale wa pa chilango. Tiye, undichitire ine.” Sindinapite chifukwa cha chikhulupiriro. Ndinapita kuti asalire. Ndinatenga ndodo, tinayenda pang'onopang'ono, tinafika ulaliki utayamba.

Kwa amene simudziwa, ife tisanadye mkate ndi kumwa chikho timayamba tasambitsana mapazi. Amayi amapita kwawo, abambo kwawo, anthu n'kukhala awiriawiri ndi beseni ndi thaulo. Amatiphunzitsa kuti ngati pali amene unalakwirana naye, ndi amene uyenera kumufunafuna. Zoona zake n'zakuti aliyense amathamangira mnzake amene amagwirizana naye kale. Abambo tinatuluka kupita pa mabenchi a pansi pa mitengo kuseri kwa tchalitchi, ndipo posakhalitsa aliyense anali ndi wake. Ine ndinatsala kumapeto kwa benchi, ndodo pakati pa miyendo. A Namacha monga mkulu ankazungulira kuona ngati pali wotsala. Atafika pa ine anaima, anayang'ana uku ndi uku ngati pali dikoni woti amupatse ntchitoyo, koma onse anali atagwada kale.

“Vula nsapato ndikusambitse.”

“Musadzivute, abambo. Mungadetsedwe.”

“Vula nsapato, mwana iwe. Anthu akuimba.”

Anagwada ndi suti yawo pa fumbi. Anandisambitsa mwachangu, mmene munthu amatsukira mbale ya mlendo amene sanamuitane. Kenako anatenga thaulo, anagwira chidendene, n'kukankhira phazi m'mwamba kuti apukute kunsi kwa zala. Pamenepo phazi linayamba kugunda lokha, ngati la telala pa makina osokera. Linamenya mkombero wa beseni, madzi n'kuwathira pa buluku. Wina kumbaliko anaseka n'kunena kuti ndayamba kuvina. Ine ndinkafuna nthaka itang'ambika.

A Namacha sanasiye phazilo. Analitsitsa, n'kulikankhanso mwadala, ndipo linagundanso osaleka mpaka atalimasula. Anatenga linalo, chimodzimodzi. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kiyi wa njinga yawo, n'kukanda kunsi kwa phazi kuchokera ku chidendene. Chala chachikulu chinadzuka n'kuloza kumwamba. Anakweza nkhope n'kuyang'ana khosi langa ngati akuliona koyamba, chikhalirecho anandiona ndikukula.

“Zimenezi zinayamba liti?”

“Ndi zomwe zija munandiweruza nazo.”

“Ukaweramitsa mutu umamva chiyani?”

“Ngati ndagwira waya wa magetsi, kuchokera pankhongo mpaka kumapazi. N'chifukwa chake sindiwerama popemphera.”

Anayang'ananso phazi langa ali chigwadire, thaulo m'manja, abambo ena akupitiriza nyimbo. Kenako ananena motsitsa, ngati akudziuza okha, kuti mowa suchita zimenezi. Ndinawayankha kuti ndinawauza. Itafika nthawi yanga yoti ndiwasambitse, anandigwira paphewa n'kundiletsa. Anati ndisawerame, ndisadzaweramenso ngakhale pomanga nsapato, ndipo ndisadzasenzenso kanthu pamutu ngakhale mtolo wa udzu. Nsapato anandiveka okha, zingwe n'kumanga okha, anthu akuona.

Mawa lake anabwera kunyumba ndi kolala yolimba ya kuchipatala n'kundimanga m'khosi. Anapepesa kwa amayi, anapepesanso kwa ine. Amayi analira. Ine ndinkangoyang'ana khoma. Sabata lotsatira anaima kutsogolo n'kuuza mpingo wonse kuti bodi inalakwitsa ndipo iwo ndi amene analakwitsa kwambiri, chifukwa anali ndi maso oti akanaona. Anthu anati amen mokweza. Amene anabwera pakhomo pathu kudzanena pepani ndi ochepa kwambiri, ndipo enawo mpaka lero amandipatsa moni ngati palibe chinachitika.

Ku mishoni anandijambula ekisire, kenako ananditumiza ku Blantyre. Kumeneko anandilowetsa m'makina okhala ngati mpope waukulu, ophokosera ngati chigayo, amene amajambula zam'kati mwa thupi. Dokotala wa kumeneko anandionetsa chithunzi. Anati m'khosi mwa munthu aliyense muli kafupa kooneka ngati chikhomo, kamene mutu umazungulirapo. Kanga kanalowa m'mwamba, m'bowo la pansi pa chigaza, momwe mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo kupita ku thupi lonse. Pa chithunzipo mtsemphawo unkaoneka wotakasuka pamwamba ndi pansi, koma pakati unali wofinyika ngati paipi ya madzi imene yapondedwa ndi thirakitala. Anati ndinabadwa nazo, ndipo zinkaipiraipira pamene ndinkakula. Ndinafunsa kuti mapeto ake n'chiyani. Sanazungulire. Anati miyendo idzasiyiratu, manja adzatsatira, kenako kupuma, ndipo kugwa kumodzi kokha kukhoza kufulumizitsa zonsezo. Opaleshoni yake inalipo, koma osati kuno. Dzina langa analiika pa mzere wa odwala amene boma limatumiza kunja, ndipo anati mzerewo ndi wautali.

Nthawi yodikira ija sindikonda kuikumbuka. Mvula inabwera n'kupita. Ndodo inasiya kukwanira, ndinayamba kugwira makoma, kenako ndinangokhala wa pa mphasa. Amayi ankachoka kusanache kupita ku munda wa tiyi, n'kundisiyira madzi ndi chitini pambali. Akaweruka, msana utatopa kale ndi dengu, ankandibereka kupita nane ku chimbudzi cha komboni, mnyamata wa ndevu, mapazi akukwekwereza pansi, ana a anthu akuonerera. Chitseko sankatseka chifukwa ankayenera kundigwirizira. Palibe mawu a m'Baibulo amene anandithandiza pa mphindi zimenezo, ndisaname.

A Namacha ankabwera Lachisanu lililonse dzuwa lisanalowe. Ndinkawalandira moipa. Ndinkawafunsa ngati abwera kudzaona kuti lero ndamwa ya kwa ndani. Iwo ankangokhala pa mpando n'kunditambasulira zala zawo ziwiri.

“Finya. Ndi mphamvu, usandimvere chisoni.”

“Chisoni chake chiti?”

“Chabwino, finya ndi mkwiyo womwewo. Dzanja linalo.”

Masiku awo opuma ankakwera minibasi kupita ku Blantyre kukakumbutsa za ine, n'kubwerera opanda yankho, sabata linalo n'kupitanso. Ndi iwo amene anayendetsa za pasipoti pamene ine ndinkati akutaya nthawi. Sindinawathokoze ngakhale kamodzi nthawi imeneyo. Ndinkaona ngati akulipira ngongole yawo kwa Mulungu, ine ndangokhala pogwirira.

Kupemphera ndinali nditasiya kalekale. Koma masana ena ndili ndekha ndinatsamwa ndi madzi, ndinakhosomola mpaka kuona mdima, ndipo chifuwa chinkakana kukoka mpweya. Zitadutsa ndinayankhula ndi Mulungu mmene ndingayankhulire ndi kapitawo. Ndinati: Inu, ndatopa. Ngati mukunditenga nditengeni lero, amayi asanathyoke msana. Ngati simukunditenga, ndipatseni miyendo, ngakhale yoipa, yongondifikitsa kuseri kwa nyumba ndekha. Sindinanene kuti kufuna kwanu kuchitike. Sindinanene amen. Ndinangogona chagada n'kumayang'ana malata.

Sindinena kuti yankho linabwera mawa lake, chifukwa silinatero. Panadutsa masabata ena a mphasa yomweyo. Koma tsiku lina pakati pa sabata ndinamva njinga ikugwa pakhomo, a Namacha n'kulowa ali ndi chovala choyera cha kuntchito, thukuta lili kamukamu. Anati dzina langa latuluka, ndikupita ku Joni.

Amayi anathera pa bwalo la ndege la Chileka, chifukwa analibe mapepala. Anandipatsa mtedza wokazinga m'kansalu, kuiwala kuti umanditsamwa, ndipo ndinaulandira. Ndinapita ndi nesi wondiperekeza, atandigoneka, kolala ili m'khosi. Za ndege musandifunse, ndinaona denga lake basi.

Dokotala wa ku Joni anali mayi wamfupi, woyankhula mofulumira. Chingerezi changa cha Folomu 2 chinkathera panjira, koma mu wodimo munali sisitala wina wa ku Mulanje amene anapita kukagwira ntchito kumeneko, ndipo ndi amene ankandimasulira. Dokotalayo atamva kuti ndinkasenza zipika pamutu anatseka maso kwa kanthawi. Poyamba anandimanga zitsulo m'mbali mwa mutu n'kupachikako zolemera kuseri kwa bedi, kuti chigaza chikokeke pang'onopang'ono kuchoka pa kafupa kaja. Ndinagona choncho masiku angapo ngati mbuzi ya pa chingwe.

Kenako dokotala uja anabwera ndi kompyuta pa kangolo n'kundifotokozera. Anati akufuna kumangirira chigaza ku mafupa a khosi ndi timabawuti ndi tindodo tachitsulo, kuti kafupa kaja kasadzalowenso. Vuto linali lakuti mafupa anga sanali monga a anthu ena. Ena anamatirirana, ena anali opyapyala, ndipo mtsempha wa magazi wopita ku ubongo unkadutsa pamalo pamene mwa anthu ena amaboolapo. Dokotala wongodalira zimene anazolowera akanaubaya. Ndiye anandijambula zithunzi zambirimbiri, zopyapyala ngati akudula buledi, ndipo kompyuta inazilumikiza n'kupanga khosi langa lenileni, loti ankalitembenuza mbali zonse pa sikirini. Anati m'chipinda cha opaleshoni mudzakhala kamera ya maso awiri pa mtengo wachitsulo, yoyang'ana timipira tonyezimira tomangidwa pa chogwirira mutu wanga ndi pa zida zake. Akasuntha chida, pa sikirini padzaoneka pamene nsonga yake yafika m'kati mwa fupa, momwe diso la munthu silingaone, ndi kutalika kwake kuchokera pa mtsempha.

Ndinafunsa kuti nanga kompyutayo ikalakwitsa. Sisitala anazengereza kumasulira, ndinamuuza kuti anene momwemo. Dokotala anaseka pang'ono n'kunena kuti ndi funso labwino kuposa a ophunzira ake. Anati imatha kusuntha pang'ono, n'chifukwa chake asanaboole amayamba wagunda malo a fupa amene akuwaona ndi maso kuti aone ngati sikirini ikunena zomwezo, ndipo amajambulanso ekisire ali m'kati. Sanandilonjeze kuti ndidzayenda. Anati ntchito yake ndi kuchotsa chimene chikufinya mtsempha, koma zimene zingabwerere zidalira mtsemphawo. Anandiuzanso kuti ndikhoza kudzuka osatha kupuma ndekha, kapena osadzuka n'komwe, ndipo ngakhale zitayenda bwino mutu sudzatembenukanso. Ndinati achite. Pa mphasa paja ndinali nditafa kale theka, panalibe choti ndisunge.

Za opaleshoni yeniyeniyo ndilibe umboni, ndinali mtulo. Ndimakumbuka kuzizira kwa chipindacho, ndi kamera ija itaima pakona ngati kadzidzi. Ndinaiyang'ana n'kunena mumtima kuti Ambuye, maso awiriwo ndi a anthu, muwonjezerepo anu. Ndinadzuka ndi paipi kukhosi, pankhongo pakuyaka moto, m'chiuno namonso mukupweteka chifukwa anatengamo kachidutswa ka fupa kokaika m'khosi. Sisitala wa ku Mulanje uja anaweramira pa ine.

“Achimwene, mwagona mokwana. Tagwedezani zala za kumapazi tione ngati ndege ija sinapite pachabe.”

Ndinagwedeza. Mawa lake anachotsa paipi ndipo chifuwa chinakoka mpweya chokha. Patapita masiku dokotala anandionetsa chithunzi chatsopano. Kabawuti kamodzi kanadutsa m'mbali mwenimweni mwa mtsempha wa magazi uja, mpata wake wosakwana kamtengo ka machesi. Mbali inayo sanaikepo pamene ankafuna poyamba, chifukwa sikirini inamuonetsa kuti fupa lake ndi lochepa, ndiye anasankha malo ena. Ndinayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Anthu ena amati anaona mngelo. Ine ndinaona kampata kameneko.

Miyendo sinabwerere ngati m'nthano. Poyamba anandikhazika, ndinachita chizungulire n'kusanza. Kenako anandiimika pakati pa zitsulo ziwiri, mawondo akunjenjemera, mayi wophunzitsa kuyenda akundikalipira ngati ndamubera. Ndinkamutukwana m'Chilomwe, iye n'kumati sakumva koma akudziwa kuti si nyimbo. Tsiku lina ndinaponya phazi limodzi, linalo n'kutsatira. Pamene ankanditulutsa ndinkayenda ndi ndodo ziwiri kuchoka pa bedi kukafika pa khomo la wodi.

Pobwerera galimoto inatisiya pamene msewu wabwino umathera, ndipo kuchokera pamenepo kupita ku komboni ndi kanjira kokwera pakati pa tiyi. A Namacha anali atakonza machira ndi anyamata oti andinyamule. Ndinawauza kuti anyamatawo abwerere. Anayamba kunena za kutopa, ndinati abambo, ndanyamulidwa mokwana. Ndinayenda. Ndinkapuma pa mtengo uliwonse wamthunzi, amayi ali pambuyo manja ali tambasu ngati akutsatira mwana wophunzira kuyenda, a Namacha akukankha njinga yawo. Otchola ankadzuka m'mizere n'kumayang'ana, madengu ali kumsana. Ulendo umene mwana wotumidwa mchere amathamanga kamodzi n'kamodzi unanditengera pafupifupi masana onse. Koma pakhomo pathu ndinalowa choimirira.

Musaganize kuti zonse zili bwino. Dzanja lamanzere likadali lofooka, mabatani a malaya amandivuta. Kutchola sindingathe, kunyamula n'koletsedwa, ndipo sukulu ija inapita, anzanga ena pano ndi aphunzitsi. Mukandiitana kumbuyo ndimatembenuka thupi lonse ngati thirakitala, ndipo ndamva kale kuti ena akuti chibwerereni ku Joni ndayamba kunyada. Nyengo yozizira zitsulo zimandikumbutsa kuti zilimo. Za kukhululuka musandifunse lero. Ndikuyesa, ndipo masiku ena zimakanika.

Komabe ndiyamike. Ndikuyamika Mulungu amene anamva pemphero lopanda ulemu, ndipo sanadikire kuti ndiyambe ndakhala munthu wabwino. Ndikuyamika amayi anga, amene msana wawo unanyamula tiyi wa eni ake masana n'kunyamula ine madzulo. Ndikuyamika dokotala uja ndi anzake, ndi amene anapanga makina oona m'kati mwa fupa, anthu amene sadzawerenga izi. Ndikuyamikanso a Namacha. Anandilakwira pamodzi ndi anthu ambiri, koma pokonza anakonza okha, ndipo anapirira pakamwa panga nthawi yonse ija. Abambo, zikomo imene sindinanene ija ndi imeneyi.

Inu amene muli pa mphasa lero, sindikuuzani kuti musangalale m'mayesero, chifukwa ine sindinasangalale ngakhale tsiku limodzi. Ndingokuuzani kuti musaleke. Ngati mapemphero okoma atha, nenani amene atsalawo, ngakhale ali aukali. Pitani kumene akuitanani ngakhale mtima usakufuna, chifukwa thandizo langa linali m'manja mwa munthu amene sindinkafuna kumuona. Ndipo likafika, mwina silidzakhala lalikulu monga munkalotera. M'mawa uno ndadzuka ndekha, ndatenga ndodo, ndapita kuseri ndekha, ndatseka chitseko. Mwina ena muona kuti si nkhani yolemba mu umboni wa mumpingo. Ine ndi imene ndinapempha, ndipo ndi imene ndinalandira. Dzina la Ambuye lilemekezeke.